Akafunsa kuti "Amayi ali bwanji?" ndiziyankha chiyani?

Mayi a Tadala (Ngabu): Abale anga pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Amayi anga ali ndi zaka 78. Chiyambire chaka cha namondwe wa Freddy mutu wawo sukugwiranso monga kale. Poyamba zinali zazing'ono, kuiwala pomwe aika mpeni, kuthira mchere kawiri m'ndiwo. Pano afika pondiyang'ana ine mwana wawo n'kundifunsa kuti, "Mayi, mwachokera kuti?" Akadya nsima, ndikangochotsa mbale, akuti sindinawapatse kanthu chiyambire dzulo, ndipo amauza ndi anthu odutsa pamsewu omwe. Dzuwa likamalowa amayamba kumanga katundu m'chitenje kuti akupita kwawo ku Makhanga, kumene anachokako ine ndisanabadwe.

Achimwene anga ali ku Joni. Lamlungu lililonse amaimba foni. Amayi akangomva mawu a mwamuna pa foni amasanduka munthu wina. "Ndili bwino bambo, ndadya, ndagona bwino." Mpaka kuseka. Ndiye achimwene amandiuza kuti ine ndimakokomeza nkhani kuti azitumiza ndalama zambiri. Dzulo ndinalira foni itadulidwa. Ndithandizeni: munthu akafunsa kuti amayi ali bwanji, zoona ndi ziti, zomwe amanena iwo kapena zomwe ndimaona ine? Kodi ilipo njira yodziwira ngati munthu wotere moyo ukumuyendera bwino kapena ayi?

Lameki (Ndirande): Pepani kwambiri achemwali. Koma achimwene anuwo musawaweruze msanga. Ife tili kutalife timangodziwa zomwe khutu lamva. Agogo anga ku Dolo ndikawaimbira amamveka bwinobwino, amafunsanso za ana.

Mayi a Tadala: Amawatchula mayina anawo, kapena amangoti "ana ali bwanji"? Amayi anga amati "onse ali bwanji kumeneko?" chifukwa sakudziwa kuti akulankhula ndi ndani. Foni ikaduka amandifunsa kuti anali ndani uja.

Lameki: Apo ndiye mwandipatsa maganizo. Papita nthawi asanatchule dzina la mwana ndi mmodzi yemwe.

Sisita Esinati: Mayi a Tadala, ine ndine namwino, ndagwira ntchito m'chigwa muno zaka zambiri. Zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi matenda omwe kuchipatala timati dementia, pakati pathu timangoti matenda oiwalaiwala. Mupite nawo amayiwo akapimidwe. Si ukalamba chabe, pajatu alipo agogo a zaka 90 omwe amakuwerengera mbuzi zawo zonse osaphonya. Ndi ubongo womwe ukuwonongeka pang'onopang'ono. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, yemwe anaufotokoza mu 1906. Mtundu wina umabwera chifukwa cha BP, shuga ndi sitiroko, mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikamatsekeka. Bungwe la WHO likuti mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'mayiko osalemera ngati lathu lino.

Tsopano funso lanu. Amayi sakunama, inunso simukunama. Pa nthawi yomwe akuseka pa foniyo alidi bwino, chifukwa za usiku uja zafufutika m'mutu mwawo. Inu ndi amene mumatsala nazo. N'chifukwa chake anthu ofufuza matendawa anakonza mafunso ofunsa mbali zonse ziwiri. Odziwika kwambiri amatchedwa QoL-AD, anawakonza mayi wina wa ku America, Rebecca Logsdon, ndi anzake mu 1999. Ndi mafunso 13 okha: thanzi la m'thupi, mphamvu, mmene mtima ulili, malo okhala, kukumbukira, abale, banja, anzawo, mmene amadzionera okha, ntchito za pakhomo, zosangalatsa, ndalama, ndi moyo wonse. Funso lililonse lili ndi mayankho anayi, kuyambira "sizili bwino" mpaka "zili bwino kwambiri", malikisi 1 mpaka 4. Zonse pamodzi zimachokera pa 13 kufika pa 52. Amafunsa wodwalayo payekha, kenako wodwazika matenda payekha, mafunso omwewo.

Chomwe chimapezeka kawirikawiri n'chakuti wodwala amadzipatsa malikisi ambiri kuposa omwe womusamalira amamupatsa. Ndipo womusamalirayo akakhala wotopa kwambiri kapena wokhumudwa, malikisi omwe amapereka amatsikiratu. Choncho mukamayankha kuti "amayi sali bwino", mbali ina ya yankholo ikunena za inuyo.

Bambo Alufandika (Nchalo): Sisita, zikomo potiphunzitsa. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale zaka 31, ndiye nkhani ya malikisi ndimaidziwa, ndipo ndimaikayikira. Mafunso amenewa anawakonzera anthu a kwawo. Kuno munthu ali chigonere pa mphasa, mukamufunsa ayankha kuti "ndili bwino, kaya inu". Ndi ulemu wathu. Gogo wake uti angauze mlendo wonyamula pepala kuti mwana wanga sandisamala? Ndiko kudzichotsa ulemu yekha. Nanga funso la ndalama? Mufunse aliyense kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka chaka chomwe mapira apserera ndi dzuwa, yankho likhala limodzi, wodwala ndi wosadwala yemwe. Nanga "zosangalatsa"? Mayi wanga malemu mukanawafunsa zomwe amachita pofuna kusangalala akanakuyang'anani modabwa. Chisangalalo chawo chinali kupeta, kupita ku maliro kukaimba ndi anzawo, kukhala pansi pa mtengo wa masawu n'kumauza adzukulu kuti thonje silitoledwa choncho. Pa pepala lanulo zimenezi zili pati?

Sisita Esinati: Aphunzitsi, simunalakwe. Pepalalo mukangoliwerenga ngati mayeso a Sitandade 8 mupeza zabodza. Ine sindifunsa kuti "kodi mumasangalala?" Ndimafunsa kuti kutchalitchi anapitako liti komaliza, ndani anabwera kudzawaona sabata ino, ndiwo ya dzulo inakoma kapena ayi. Ndimafunsa m'mawa kusanatenthe, pamthunzi, womusamalira atapatuka pang'ono, komanso m'chilankhulo chomwe gogoyo anayamwira. Ambiri matendawa akakula amabwerera ku chilankhulo cha ubwana, wina yemwe wakhala akulankhula Chichewa zaka 50 mumangomva akuyankha Chisena chokhachokha. Mayankho anayi aja akawavuta, ndimangofunsa ziwiri kaye, zabwino kapena zoipa, kenako pang'ono kapena kwambiri.

Ndiye pali zomwe maso amaona. Chitenje chayamba kuzungulira kawiri m'chiuno? M'matako ndi m'zidendene muli zilonda? Pakamwa pauma? Munthu akamayandikira amadzidzimuka ngati woopa kumenyedwa, kapena nkhope imamasuka? Pakhomopo alipo amene amawaitanabe ndi dzina la mfunda wawo? Amadya pamodzi ndi anthu kapena amawaikira mbale kuseri kwa nyumba? Matenda akafika poti munthu salankhulanso, zimenezi ndi zomwe zimatsala kuti atiuze mmene alili.

Yohane (Chikwawa boma): Ndiwonjezereko pang'ono, ndine wa zachipatala nanenso. Tisasokoneze kuyeza kukumbukira ndi kuyeza mmene munthu akukhalira. Mayeso otchuka a kukumbukira, a MMSE a mu 1975, ali ndi malikisi 30, koma amafuna munthu alembe chiganizo ndiponso azichotsera 7 pa 100 kangapo. Agogo omwe sanapondeko m'kalasi amalephera ngakhale mutu wawo uli bwinobwino. Anzathu a ku Hai, m'mphepete mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, anakonza ena otchedwa IDEA. Amafunsa dzina la mkulu wa mudzi, tsiku la sabata, mayina a nyama, ndi kuyala timitengo ta machesi motsanzira momwe wawayalira wopimayo. Amenewo ndi oyandikira moyo wathu. Komabe onsewa amangotiuza kuti mutu wafika pati. Satiuza ngati munthuyo akukhala mwamtendere.

Zuze (Tengani): Zomwe anena a Yohanezi ine ndaziona ndi maso. Bambo anga anadula nzimbe ku Nchalo zaka zambiri. Matenda atawayamba, ankadzuka 3 koloko m'bandakucha kufunafuna chikwanje, akuti lole iwasiya, kapitawo awadula tsiku. Ine ndinkalimbana nawo: "Bambo, ntchito munasiya kalekale, gonani." Iwo n'kupsa mtima, tsiku lina mpaka anandiponyera mpando. Tinabisa zikwanje zonse, makasu, nkhwangwa. Tinawaletsa chilichonse poopa kuti angadzipweteke. Anangokhala pakhonde tsiku lonse maso ali kumsewu, osalankhula, kudyanso anachepetsa.

Amene anatitsegula maso ndi mnzawo wa kale, mkulu wina msodzi. Anabwera ndi ukonde wong'ambika n'kukhala nawo pansi osanena zambiri. Abale, manja a bambo anga anayamba kusoka okha! Munthu wosadziwa dzina la mdzukulu wake, koma mfundo za ukonde osaphonya ndi imodzi yomwe. Kuyambira tsiku limenelo asodzi a kwathu amatibweretsera maukonde ong'ambika, ena amasiya ndi mlamba umodzi kuti ndi malipiro, bambo amaulandira ndi manja awiri. Akadzuka usiku kuti akupita kuntchito ndimangoti, "Lero lole sibwera bambo, atipatsa ntchito ya ukonde," amabwerera kukagona. Chaka chino kuiwala kwakula kuposa chaka chatha, ine amanditcha dzina la mng'ono wawo yemwe anamwalira kalekale. Koma mutandifunsa chaka chomwe bambo akhala bwino, ndinena chino.

Mayi Fulutuna (Nsanje boma): A Zuze, koma kumeneko si kunamiza kholo? Mtima wanga ine sungalole.

Zuze: Amayi, nanenso zinkandivuta. Koma tsiku lina anafunsa kuti mayi anu apita kuti, ine n'kuwauza zoona kuti anamwalira. Analira ngati maliro achitika tsiku lomwelo. Mawa lake anafunsanso. Ndiziwaikitsa maliro a mkazi wawo tsiku ndi tsiku? Pano ndimawafunsa kuti, "Mwawasowa eti? Munakumana nawo kuti poyamba?" Amayamba kufotokoza za gule wa utse, nkhope ili ngwee.

Mayi Fulutuna: Ndamva. Ine ndingoti kwa Mayi a Tadala, limbani mtima mwana wanga. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Anakusamalani muli khanda, ino ndi nthawi yanu. Mulungu akuona.

Nyakhuwa (Bangula): Amayi Fulutuna, ndikudziwa kuti mwanena mwachikondi, koma mundikhululukire. Mawu amenewo ndi omwe anatseka pakamwa panga zaka zinayi. Ine ndikusamala apongozi anga aakazi. Kwathu kuno mkazi akalowoledwa ndiye kuti matenda onse a pakhomo ndi ake. Amuna anga ali pa ulonda ku Blantyre, amabwera pakutha pa mwezi. Alamu anga aakazi amabwera pa Khirisimasi, kuyang'ana zikhadabo za mayi awo n'kunena kuti sindikuwawenga. Palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsapo kuti iwe unagona liti tulo tonse.

Apongozi amadzikodzera, nthawi zina kudziyipitsira. Ndimachapa kawiri pa tsiku, madzi ochokera kumjigo, sopo wogula ndekha. Geni yanga ya nsomba zouma inafa. Ku banki mkhonde ndinatuluka chifukwa ndinalibe choponya. Ku Mvano ndinasiya. Kudimba ndikapita ndimawatsekera m'nyumba ndi loko, chifukwa ndikapanda kulima tidya chiyani, ndipo ndikawasiya panja alowera kumtsinje kuli ng'ona. Ndinene chomwe sindinauzepo munthu. Mwezi watha nditangowasambitsa anatenga phala n'kudzithira thupi lonse. Ndinawamenya pa dzanja. Anandiyang'ana ngati mwana, osamvetsa chomwe alakwa. Ndinakalirira kuseri kwa bafa. Ine sindinali munthu wotere.

Mayi Fulutuna: Mwana wanga, pepa. Sindinadziwe kuti mwambi ungapweteke chonchi.

Mayi a Tadala: Asisi Nyakhuwa, ndawerenga misozi ili m'maso. Ngati mwalemba za ine.

Sisita Esinati: Nyakhuwa, zikomo polimba mtima n'kunena. Kumenyako kusachitikenso, ndipo njira yoti kusachitikenso ndi yakuti inu mupeze wokupumitsani. Munthu wosagona miyezi yambiri mtima umafupika, kaya ndi wabwino chotani.

Alipo mafunso a wodwazika matenda payekha. Amatchedwa a Zarit, dzina la Steven Zarit yemwe anawayambitsa mu 1980. Omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi 22, lililonse malikisi 0 mpaka 4, pamwamba penipeni 88. Amafunsa ngati mumapeza nthawi yanuyanu, ngati thanzi lanu lalowa pansi, ngati mumachita manyazi ndi zochita za wodwalayo anthu akabwera, ngati mumapsa mtima mukakhala naye, ngati ndalama zikukwana, ngati mumalakalaka wina atakulandirani, ngatinso mumadziimba mlandu kuti simukuchita zokwanira. Taonani kuti zonsezi mwaziyankha kale mu uthenga wanu, osafunsidwa. Alipo enanso 20 a WHO otchedwa SRQ-20, oyankha eya kapena ayi, ndipo anamasuliridwa m'Chichewa: mutu kuwawa pafupipafupi, kusowa chilakolako cha chakudya, kusagona, kulira kawirikawiri, mpaka maganizo ofuna kudzipha. Ngati maganizo otsirizawa anakufikiranipo, musadikire, pitani kuchipatala mawa lomwe mukanene. A WHO omwewo akuti pa maola onse osamalira odwala matendawa padziko lapansi, 70 mwa 100 alionse amagwira ndi amayi.

Za loko zija zandidetsa nkhawa. Nyumba ya malata yotseka mu Okutobala ku Bangula ndi ng'anjo. Okalamba samva ludzu msanga, ndipo a matendawa amaiwala kumwa ngakhale mtsuko uli pambali. Thupi likauma, kapena akadwala malungo, chibayo kaya matenda a m'chikhodzodzo, mutu umasokonezeka mwadzidzidzi, tsiku limodzi kapena awiri, kuposa masiku onse. Zikatero musati matenda aja akula. Thamangirani nawo kuchipatala, chifukwa kusokonezeka kotereko kumachizika. Pemphani mnansi azikhala nawo pamthunzi inu muli kudimba, mudzamubwezere ndi masamba kapena chimanga chachiwisi. Ndipo mapiritsi ogonetsa ogula pamsika musawapatse, amagwetsa okalamba n'kuthyola chiuno.

Bambo Thomu (Tomali): Ine ndifunse mosabisa, musandinyoze. Zonsezi mukuti ndi matenda. Nanga nkhalamba yomwe imapezeka m'bandakucha ili mbulanda pakhomo pa eni ake, mudzi wina, ikafunsidwa n'kumatchula mayina a anthu akufa? Ena amavomera okha kuti anali paulendo. Zimenezonso ndi za kuchipatala?

Yohane: Bambo Thomu, mwachita bwino kufunsa poyera, ambiri amaganiza zomwezo chamumtima. Tengani zomwe alemba anzathu pamwambapa muziike pamodzi. Amayi a ku Ngabu amamanga katundu usiku kuti akupita ku Makhanga. Bambo a Zuze amadzuka 3 koloko, ndipo amaitana mwana wawo ndi dzina la munthu wakufa. Usiku wotentha munthu wavula, watuluka, njira yobwerera yamusokonekera, wayenda mpaka kwacha. Anthu amuzungulira ndi miyala n'kumakuwa kuti "Wagwa pa lichero iwe, vomera!" Munthu woti sakudziwa ndi dzina la mudzi wake, wamantha, adzavomera chilichonse. Umo ndi momwe timaphera odwala.

Bambo Alufandika: Tisaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, pomwe okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi powaganizira kuti ndiwo anachititsa mphenzi yomwe inapha mtsikana. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire, lomwe a MANEPO, bungwe loimira anthu achikulire, akhala akulimenyera nkhondo. Koma lamulo lili ku Lilongwe, mwala uli m'manja mwa mnyamata wa m'mudzi. Chomwe ndinachita ine ndi mayi anga, ndinatenga buku lawo la kuchipatala n'kupita nalo kwa amfumu, iwo n'kulengeza pamsonkhano kuti mayi uje akudwala, womupeza amubweze kwawo. Ndinauzanso anyamata a kabaza pa siteji. Kawiri konse ndi a kabaza omwe anawabweretsa.

Bambo Thomu: Sindinganene kuti zonse ndazitaya lero lomwe. Koma za kupita kwa amfumu ndi buku ndazigwira. Kwathu kuli gogo wina yemwe ana amamugenda, ndikalankhula ndi adzukulu ake.

Nyakhuwa: Mantha amenewo ndi enanso omwe amandichititsa kukhoma chitseko. Nthawi ya Freddy, mu Malichi 2023, tinakhala pa kampu pasukulu milungu ingapo. Apongozi anasokonezekeratu. Matenti onse ofanana, nkhope zachilendo, phokoso usiku wonse. Ankalowa m'tenti ya eni ake n'kugona pa mphasa yawo, anthu n'kuyamba kunong'ona. Chichewa anachisiyira komweko, mpaka lero ndi Chisena chokha. Mvula ikuyandikiranso, ndikayang'ana kumwamba mtima umagunda.

Sisita Esinati: Kusamuka kumawapweteka kwambiri anthu amenewa, chifukwa chomwe chimawagwira ndi kuzolowera: mtondo uli apa, chimbudzi chili uko. Konzekeranitu. Sokererani kansalu kolembedwa dzina, mudzi ndi nambala ya foni mkati mwa malaya omwe amavala kawirikawiri. Buku la kuchipatala ndi mankhwala a BP zikhale m'pepala la pulasitiki. Mukadzasamuka mutenge chinthu chomwe amachidziwa, bulangete lawo kapena kapu yawo, ndipo mukafika mukauze a komiti ya pakampu tsiku loyamba lomwe.

Lameki: Sisita, nanga mankhwala alipo? Ngati n'kugula tigula.

Sisita Esinati: Ochiza palibe, kuno ngakhale kunja. Alipo ena monga donepezil omwe amachepetsako zizindikiro kwa kanthawi mwa anthu ena, koma matenda amapitirira. Wina akakulonjezani kuti achiza ndi botolo la zitsamba, sungani ndalama zanu mugulire sopo. Chomwe chimathandiza ndi kupimitsa BP, shuga, magazi, maso ndi makutu. Gogo wosamva bwino kapena wa ng'ala amaoneka wosokonezeka kuposa mmene alili. Ambiri amaopa kuti akapita nawo kwa anamwino a matenda a maganizo awatumiza ku Zomba. Ayi, ambiri mwa odwala amenewa malo awo abwino ndi pakhomo. Ngati pakhomopo pali posowa kwambiri, funsani kwa a komiti ya m'mudzi za Mtukula Pakhomo.

Lameki: Ndiye ndalama yanga ikagwire ntchito ina. Azakhali anga ndi amene akukhala ndi agogo, ndipo ndazindikira kuti chiyambire sindinawafunsepo za iwo eni. Ndimangoti "agogo adya?" basi. Mwezi wa mawa nditenga tchuthi sabata imodzi ndikagone ine pafupi ndi agogo, azakhali apite kwa mwana wawo ku Ngabu akapume. Mayi a Tadala, ndikupempheni chinthu. Gulani kope, muzilemba tsiku ndi tsiku: adzuka kangati usiku, mwachapa kangati, inu mwagona maola angati. Pakatha sabata mujambule mutumize ku Joni. Ife akutali mawu timawatsutsa, koma tsamba lolembedwa masiku asanu ndi awiri ndi lovuta kulikana.

Mayi a Tadala: Abale, ndabweranso patapita masiku asanu ndi anayi. Ndinachita zomwe munanena. Loweruka m'mawa ndinapempha mayi wina woyandikana nafe, wodziwa Chisena bwino kuposa ine, kuti awafunse amayi pansi pa mtengo, ine ndili kukhitchini komwe ndimamva. Za chakudya anati chili bwino. Za malo ogona, bwino. Za ana awo anati, "Alipo mayi wina amandisamala, ngwabwino mtima, kaya ndi mwana wa yani." Ndinagwira pakamwa kuti asandimve. Za anzawo anati palibe amabwera, onse anawataya. Koma pomwe anakhalitsa ndi pa ntchito. Anati pakhomo pano sawalola kugwira kanthu, akagwira tsache amawalanda, akayandikira pamoto amawakalipira, akhala ngati mlendo woti sakuchoka. Ameneyo ndi ine. Ndimaganiza kuti ndikuwasamala.

Madzulo ake ndinawapatsa lichero la nandolo kuti asankhe. Anasankha mpaka mdima, akuimba nyimbo yomwe sindinaimvepo chibadwire. Zina anataya zabwino n'kusunga zofumbwa, ndinazitola iwo atagona. Lamlungu amayi awiri a kumphakati anabwera kudzapemphera nawo, nyimbo zonse anaimba osaphonya mawu.

Kope ndinalemba. Sabata yonse ine ndagona maola 26. Ndinatumiza ku Joni pamodzi ndi mayankho anga a mafunso a Zarit omwe Sisita ananditumizira kumbali. Achimwene anakhala masiku awiri osayankha. Dzulo aimba, sanapepese, koma afunsa kuti munthu woti azindilandira masiku awiri pa sabata angafune zingati. Kuchipatala tipita Lachitatu, BP sanapimitse chiyambire chaka chatha.

Usiku wathawu amanganso katundu wa ku Makhanga. Ndinawapeza atatsegula kale chitseko, ndinali nditagona tulo tofa nato.

Nyakhuwa: Asisi, inenso ndalankhula ndi amuna anga, ndinawawerengera zonse za pagulu pano. Akuti akambirana ndi alongo awo kuti azisinthana mwezi ndi mwezi. Tiona ngati zichitike. Loko sindinakhomeko masiku anayi tsopano, apongozi akumakhala kwa mayi a mpingo wathu ine ndikapita kudimba. Takhuta, zikomo nonse.

Zuze: Mayi a Tadala, za chitsekozo. Ine ndinamangirira belu pamwamba pa chitseko ndi waya, chikangosuntha limalira. Ndili nalo lina lomwe linali la ng'ombe. Lachinayi mphwanga akwera minibasi yopita ku Blantyre, adutsa pa Ngabu cham'ma 9 koloko. Mutumize Tadala akadikire pa siteji.

Mayi a Tadala: Tadala adzakhala kusukulu. Ndidzabwera ndekha, amayi ndidzawasiya kwa aneba ndi lichero lawo.